Ruo ndi malire a boma, osati a maliro

Mdzukulu wanga wina wa ku Muloza wafunsa kuti: "Agogo, tsidya lija ndi Mozambique, dziko la eni. Bwanji mumatikakamiza kukakhuza maliro kumeneko?"

Tamvera mdzukulu wanga. Ruo, mtsinje wa m'malirewu, amachokera m'phiri la Mulanje, phiri lomwe nsonga yake, Sapitwa, imapitirira pang'ono mamita 3,000. Akatsika amalandira madzi a Muloza ndi a Thuchila, n'kugwa pa mathithi a Zoa, mpaka kukathira mu Shire pa Chiromo. Amene anausandutsa malire ndi Angerezi ndi Apwitikizi pa pangano lawo la mu 1891. Sanafunse mfumu ya tsidya lino kapena ya tsidya lija. Alomwe ambiri a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo makolo awo anachokera komweko, ndipo nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, isanathe mu 1992, abale athuwo tinkadya nawo nsima m'mbale imodzi. Ndiye malirowo ndi ako. Pita, tenga kaufa, ukagone pasiwa ngati mwana wa pamudzipo.

Koma ukawoloka usakachite matama. Yamba walonjera eni mudzi, uwauze kuti ndiwe mwana wa yani. Malamulo a boma lawo uwalemekeze, ndipo ulendo wa malonda uzidzera pachipata cha Muloza ndi Milange, osati njira zamadulira usiku.

Chimene chimandiwawa ine ndi china. Anyamata mukutha mitengo m'phiri, ndi mikungudza yomwe, kenaka mukulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Madzi saiwala khwawa. Mu 2015 Ruo anasiya njira yake kumunsi, n'kumiza midzi ya ku Makhanga m'boma la Nsanje, ndipo mu 2023 namondwe Freddy anatiliza tonse, a tsidya lino ndi a tsidya lija. Nkhwangwa yako ya kumtunda imagwetsa nyumba ya munthu amene sunamuonepo.

Za kawolokedwe, nthawi ya dzinja uziyang'ana kuphiri, osati kumwamba kwa mudzi wako. Kuno kukhoza kukhala dzuwa koma mvula ikukhuthuka ku Sapitwa, ndipo madzi amafika modzidzimutsa. Ukaona asanduka ofiira, atenga zinyalala ndi ziputu, bwerera, ngakhale uli pa ulendo wa maliro omwewo. Mwini bwato akakana kukuwolotsa, usamunyengerere ndi ndalama.