Kaboti kanga kampikisano kakungolima madzi

FUNSO: Ndine kalipentala wa ku Salima. Ndinasema kaboti kotalika mita imodzi pa thabwa la mlombwa, potengera maboti a mpikisano wa panyanja zikuluzikulu omwe ndimaonera pa YouTube. Ndinaikamo mota, batire ndi rimoti, koma kakungolima madzi, mphuno ili pansi. Ndigule mota yaikulu? Kotsatira ndikufuna kakhale catamaran, ka mimba ziwiri kaja.

YANKHO: Achimwene, ndalama ya motayo ibwezeni kaye m'thumba. Wakugwetsani ndi mlombwa. Pa chitseko ndi mtengo wosayerekezeka, koma pa kaboti kothamanga ndi katundu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Boti lenileni likakhala mamita 12, kanuko ka mita imodzi ndi 1:12. Kulemera kwake sikutsika ka 12 kokha ayi, kumatsika ka 12 x 12 x 12, kutanthauza ka 1,728. Choncho ngati boti lalikululo ndi la matani 5, kanu sikayenera kupitirira makilogalamu 3, mota ndi batire zili momwemo. Kaikeni pa sikelo ya pagolosale muone nokha. Amisiri a timaboti timeneti sasema. Amaimika nthiti za pulayiwudi ya mamilimita 3, n'kukuta ndi ina yopyapyala kwambiri kapena balsa (mtengo wopepuka kwambiri), pamwamba n'kumata nsalu ya fibreglass (yolukidwa ndi timaulusi tagalasi) ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy. M'kati mumakhala mopanda kanthu, kupatula kumphuno komwe amatsenderako zoyera zopepuka zimene zimabwera m'katoni ya firiji, kuti kakagubuduzika kasamire.

Pansi pake pakhale ngati chilembo V chozama. Kapangidwe kameneka n'ka C. Raymond Hunt wa ku America, ndipo kanatchuka mu 1960 pomwe Dick Bertram anapambana mpikisano wochokera ku Miami kukafika ku Nassau, nyanja itawinduka, ndi boti lotchedwa Moppie. Mbali iliyonse ya V wake inali yopendekeka madigiri 24 kuchokera pathyathyathya, mpaka kumbuyo kwenikweni. Apa ndikuchenjezeni monga kalipentala: dzanja lanu linazolowera kusalaza ngodya iliyonse ndi sandipepa. Ligwireni. Pamene pansi pa boti pakumana ndi thabwa lakumbuyo pasiyeni pakuthwa, chimodzimodzinso timizere totuluka toyenda m'litali mwa mimba. Ngodya yobulungira madzi amaikakamira n'kukokera boti pansi, pamene yakuthwa amaisiya msanga ndipo boti limakwera pamwamba.

Za mphuno yoloza pansiyo, goneketsani mpini wa tsache patebulo, kabotiko mukakhazike chopingasa pamwamba pake. Kayenera kukhazikika mpiniwo uli pafupifupi masentimita 30 kuchokera kumbuyo. Kakapendekera kutsogolo, sunthirani batire kumbuyo pang'onopang'ono, osawonjezera chitsulo chilichonse.

Catamaran ine sindikulimbikitsani panopa, ngakhale ndiyo imakongola kwambiri pa vidiyo. Mpata wa pakati pa mimba ziwirizo umakola mpweya umene umanyamula boti, n'chifukwa chake imathamanga chonchija, ndipo mpweya womwewo ukachuluka mphuno imadzuka, boti lonse n'kugwa chagada. Zimachitika ndi zazikulu zomwe. Stefano Casiraghi, mwamuna wa Caroline wa kubanja lachifumu la Monaco, anafa mu 1990 catamaran yake itagubuduzika pa mpikisano kufupi ndi Monaco. Masiku ano oyendetsa amakhala m'kachipinda kotsekedwa kolimba. Ndiponso amakhala awiri, wina pa chiwongolero, wina ntchito yake kuchepetsa moto boti likalumpha funde ndi kuwonjezera likatera. Inu ndi rimoti m'manja ntchito zonsezo ndi zanu, ndiye phunzirirani pa ka V komwe kamakhululuka.

Poyesa, kumbukirani kuti kafunde ka masentimita 10 kwa kabotiko ndi chifunde choposa mita imodzi. Tsiku la mwera musayerekeze n'komwe. Pitani m'mamawa madzi ali bata, rimoti ndi batire ya m'kati mutazikulunga m'pulasitiki, ndipo pemphani mnzanu wa bwato akhale pafupi woti akakatole kakazimira patali.