Six-line wrasse yalanda thanki yonse: ichoke kapena ikhale?

Wowerenga wina walemba kalata iyi, yomwe ndaifupikitsa:

"Akulu, ndili ndi thanki ya madzi amchere ya malita 100. Muli miyala, makorali ofewa, ma clownfish awiri ndi six-line wrasse yomwe yakhalamo miyezi 8. Sabata yatha ndinaikamo firefish. Kuyambira tsiku lomwelo wrasse ikuithamangitsa, mchira wang'ambika ndipo sikutulukanso kudzadya. Kale ndinkaweta mbuna, zikamamenyana ndinkangowonjezera zina, ndewu n'kuchepa. Kodi ndichite chimodzimodzi? Nanga ndi nsomba ziti zingakhale ndi wrasse imeneyi?"

Zikomo achimwene. Musawonjezere nsomba ina iliyonse, ndipo wrasse ndi firefish muyambe kuzilekanitsa lero lomwe. Firefish ikatha sabata osadya ili kubisala, masiku ake amakhala owerengeka.

Six-line, dzina lake la sayansi Pseudocheilinus hexataenia, ndi kansomba kosapitirira masentimita 10, ndipo m'thanki nthawi zambiri kamathera pa 7 kapena 8. Imapezeka kuyambira ku Red Sea, kutsika gombe la Mozambique mpaka ku KwaZulu-Natal, n'kupita kum'mawa mpaka m'nyanja ya Pacific. Muiyang'anitsitse mawa m'mawa magetsi akangoyaka. Imayandama pafupi ndi mwala, ikupalasa ndi zipsepse za m'mbali zokha, maso ofiira aja akutembenuka uku ndi uku, kenako imalowetsa mlomo m'kabowo, n'kutulukira mbali ina ya mwala. Tsiku lonse ntchito yake ndi yomweyo, kutola tizilombo ting'onoting'ono ta m'miyala. Miyala imeneyo ndi dimba lake. M'nyanja, nsomba yolowerera ikathamangitsidwa imangosuntha pang'ono nkhani n'kutha. M'thanki yotalika masentimita 60 kapena 70 mulibe kosunthira, choncho wrasse imaiona nthawi zonse ndipo siyileka.

Chimene chimasocheretsa ambiri n'chakuti m'sitolo amaigulitsa ili yaing'ono, masentimita 3 kapena 4, ili yofatsa. Ukali umabwera ikakula ndi kuzolowera malo. Ma clownfish anu sinawavutitse chifukwa inawapeza kapena inalowa nawo limodzi, thupi lawo silifanana ndi lake, komanso amakhala pakona pawo ndipo amabwezera. Firefish ndi yowonda, yamantha, ndipo ikaopsedwa imathawira m'mabowo omwewo amene wrasse imayendera.

Sikuthamangitsana konse kumene kuli koopsa. Nsomba yakale ikatambasula zipsepse, n'kuthamangitsa mlendo kamtunda kochepa kenako n'kubwerera kukadya, zimenezo zimazirala pakatha masiku awiri kapena atatu. Zoopsa ndi izi: kuithamangitsa kuchokera mbali ina ya thanki mpaka ina, kuidikirira pakhomo pa bowo, kuluma zipsepse, mlendo kukakamira pamwamba pakona kuseri kwa pampu akupuma mofulumira. Zanu zafika kale pamenepa.

Njira ya mbuna ija ndi yoona, koma ndi ya mbuna. Oweta nsomba za m'nyanja ya Malawi amadzaza thanki mwadala kuti yaukali isakhale ndi mdani mmodzi womulondola, ndipo amalipira ndi fyuluta yamphamvu ndi kusintha madzi ambiri sabata iliyonse. M'thanki ya makorali malipirowo ndi aakulu. Nsomba zikachuluka, nitrate ndi phosphate, zinyalala zosungunuka m'madzi zochokera ku ndowe za nsomba ndi zotsala za chakudya, zimakwera, ndere zimamera pamiyala n'kuphimba makorali. Madzi amchere amasunganso mpweya wochepa poyerekeza ndi madzi a m'nyanja yathu pa kutentha kofanana. Ndiye kumbukirani kuti mukachotsa malo a miyala ndi mchenga, thanki ya malita 100 imatsala ndi madzi pafupifupi malita 80. Nsomba zazing'ono zinayi ndiye malire abwino, ndipo inu mwafikapo kale.

Yochotsa ndi wrasse, osati firefish, koma kuigwira ndi ntchito. Musaithamangitse ndi kaukonde, mungothyola makorali ndi kuopseza nsomba zonse, iyo ili phee pansi pa mwala. Pangani mono wa botolo. Tengani botolo loyera la pulasitiki la lita imodzi, mulitsuke ndi madzi okha opanda sopo, mudule mbali ya kukamwa, muitembenuze kuti kamwa liloze m'kati. Kamwalo mulikuze lifike masentimita atatu, muboole timabowo m'mbali kuti madzi azidutsa. Nsomba muzigoneke ndi njala tsiku limodzi, kenako muike mysis (tishrimp ting'onoting'ono todyetsa nsomba) pang'ono m'botolo, mulitsamize pamwala umene wrasse imakonda. Ndi nsomba yachidwi, kawirikawiri ndiyo imayamba kulowa. Mukhale pafupi, chifukwa ikapeza njira yotulukira kamodzi, ulendo wachiwiri imachenjera.

Mono akakanika, gwiritsani ntchito tulo take. Six-line sigona mumchenga. Imalowa m'bowo la mwala n'kudzikuta ndi chinthu chonanda chochokera m'thupi mwake, ndipo nthawi zambiri bowo lake limakhala lomwelo. Muone kumene ikulowa magetsi akamazima, mudikire maola awiri, munyamule mwala wonsewo n'kuuika m'ndowa ya madzi a m'thanki momwemo. Mwalawo musausiye pamphepo nthawi yaitali, pali zamoyo zina zomwe zimafa zikauma.

Mukaigwira muli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kuisunga payokha milungu iwiri m'kathanki ka malita 40 kokhala ndi hita, fyuluta ya siponji, zidutswa za paipi ya PVC zobisalamo ndi chivindikiro. Pa nthawiyi firefish idye, inenepe, ipeze bowo lake. Musunthe miyala ingapo kuti malo asinthe maonekedwe, ndipo pobwezera wrasse muyambe mwaiika m'kabokosi koonekera kokhala ndi mabowo, kopachikidwa m'kati mwa thanki, masiku anayi kapena asanu. Ena amamatanso kalilole kunja kwa galasi kuti izilimbana ndi chithunzi chake. Zimenezi zimagula masiku ochepa chabe. Kunena mosabisa, six-line yomwe yaluma kale nsomba m'thanki yaing'ono chonchi kawirikawiri imayambiranso ikangozolowera, ndipo mudzayenera kuigwira kachiwiri itadziwa kale mono. Ine ndikulangizani njira yachiwiri: muibweze kusitolo kapena muipatse munthu wa thanki yaikulu ya malita 300 kupita m'tsogolo, mmene muli nsomba zazikulu kuposa iyo. Ngati mumakhala kufupi ndi gombe, musaitaye m'nyanja, chifukwa nsomba ya m'thanki ikhoza kunyamula matenda.

Firefish nayo ikufuna chisamaliro. Chinthu choyamba ndi chivindikiro cha neti ya mabowo osaposa mamilimita 6, chotseka ngakhale mpata wodutsa mawaya. Firefish yoopsedwa imalumpha, ndipo ambiri amaipeza m'mawa itauma pansi. Wrasse zonse nazonso ndi zolumpha. Chakudya muzipereka pang'onopang'ono kawiri kapena katatu patsiku, mysis yosungunula m'madzi a m'thanki, muzichithira kumtunda kwa mafunde a pampu kuti chizidutsa pakhomo pa bowo lake. Mchere ukhale pa 1.025 pa muyeso wa kulemera kwa madzi (specific gravity), kutentha madigiri 25 mpaka 26, ammonia ndi nitrite, poizoni wochokera ku zinyalala za nsomba, pa 0. Mchira wong'ambika umamera wokha m'milungu yochepa madzi akakhala aukhondo. Chomwe muyang'anire ndi timadontho toyera ngati mchere pathupi ndi pazipsepse. Ameneyo ndi Cryptocaryon, kachilombo koyambitsa matenda kamene kamagwira msanga nsomba yofooka. Mankhwala ake a copper musawathire m'thanki ya makorali, amapha makorali, nkhono ndi shrimp, ndipo amalowerera m'miyala. Nsomba yodwala imachiritsidwira m'thanki yapadera.

Pa funso lanu lachiwiri, mukasankha kusunga six-line ndi kubweza firefish, thanki yanu yatsekeka: wrasse ndi ma clownfish awiri, basi. Royal gramma, tigoby tating'ono, fairy wrasse ndi flasher wrasse zidzaona zomwe yaona firefish, ndipo wrasse inzake ndiyo imazunzidwa koposa chifukwa chofanana thupi ndi kasambiridwe. Dottyback imabwezera, koma zotsatira zake ndi ndewu yosatha. Mandarin ngakhale isalumidwe imafa ndi njala, popeza chakudya chake ndi ma copepod, tizilombo ting'onoting'ono ta m'miyala tija, omwe six-line imatola mwachangu kuposa iyo. Ma sexy shrimp amadyedwa. Cleaner shrimp yaikulu nthawi zambiri imasiyidwa, ngakhale tsiku lofundula chikamba imakhala pachiopsezo.

Six-line ikachoka ndipo mukufunabe wrasse, za thanki ya malita 100 zilipo ziwiri: possum wrasse za mtundu wa Wetmorella, ndi pink-streaked wrasse, Pseudocheilinops ataenia. Zonse zimathera pa masentimita 6 kapena kupitirira pang'ono, ndi zofatsa, ndipo zimayendayenda m'miyala mofanana ndi six-line popanda ukali uja. Musankhe imodzi yokha. Flasher wrasse ndi yokongola koma imafuna mtunda wothamangamo, thanki yotalika masentimita 90 kupita m'tsogolo. Halichoeres chrysus yachikasu ija imafika masentimita 12 ndipo imagona mumchenga, choncho imafuna mchenga wosalala wozama masentimita 5 ndi thanki yokulirapo. Musanyengekenso ndi mawu akuti "gulani zazikazi ziwiri sizimenyana". Wrasse zambiri zimayamba zili zazikazi n'kudzasanduka zazimuna, ndipo m'thanki zimachitika kuti zonse ziwiri zasanduka.

Nsomba yatsopanoyo iyambe yakhala milungu inayi m'kathanki kapadera kaja kuti muone ngati ilibe matenda. Firefish ikayamba kuyandama poyera pamwamba pa bowo lake, chipsepse chachitali chapamsana chija chili chiimire ndipo ikudya pamaso panu, ndiye nthawi yopachika kabokosi ndi kuikamo mlendo.