Zosamukira ku Zengeza: yankho kwa achemwali a ku Avenues

Achemwali, funso lanu ndinaliona m'mawa ndili m'kombi, minibasi yathu ya kuno, koma kulemba kunakanika, chigongono cha munthu chinali m'nthiti mwanga kuchokera pa msika wa Chikwanha mpaka m'tauni ya Harare. Mwati mukulipira madola 180 chipinda chimodzi m'fulati ya ku Avenues, m'tauni momwemo, inu, bambo akunyumba ndi ana awiri, ndiye wina wakuuzani za zipinda ziwiri ku Zengeza, kuno ku Chitungwiza, pa 120. Mukufuna kudziwa ngati kuno moyo ndi wotchipadi, komanso ngati n'kokhalika ndi ana. Ndaona ena akuti samukani mawa lomwe, ena akuti ku Chitown, monga amaitchulira Chitungwiza, mukalira. Ine ku Zengeza 4 ndakhalako zaka 9, poyamba ndinali ku Tafara, ndiye mundilole nditalikitseko.

Tengani kaye pepala ndi cholembera. Pa lendi mwapulumutsa 60, sitikukana. Koma panopa ku saluni komwe mumagwira ntchito mumapita wapansi. Mukabwera kuno, pakati pa inu ndi ntchito padzakhala makilomita pafupifupi 25 a Seke Road, ndipo palibe amene adzakunyamuleni ulele. Kombi ndi dola kupita, dola kubwera. Anthu awiri, masiku 26 pamwezi popeza nonse mumagwira ndi Loweruka lomwe, ndi madola 104. Chotsanipo timasenti tomwe bambo amakwerera panopa, muona kuti 60 ija yamezedwa kale, inu n'kuwonjezerapo za m'thumba. Komanso dola ndi mtengo wa tsiku labwino. Kukangochita mdima wa mvula cha m'ma 5 koloko, kapena apolisi akachuluka pamsewu makombi n'kubisala, mahwindi, anyamata oitanira a pa siteji ya Charge Office, amayamba kukuwa dola ndi theka, mwina awiri, ndipo mumakwera ndithu chifukwa ana ali okha kunyumba. Mwayi wanu ndi woti bambo amagwira ku Graniteside, azitsikira panjira asanalowe m'tauni. Anzathu ogwira ntchito m'nyumba za ku Borrowdale kapena m'mafakitale a ku Msasa amakwera kawiri, iwo ndiye malipiro amangothera mumsewu.

Nthawi nayo muiwerengere. Ine ndimatseka chitseko 5:30. Ndikachedwa ndi theka la ola, ndimakapeza magalimoto atathithikana kuyambira ku Hatfield mpaka pa Coke Corner, ulendo wa mphindi 40 n'kusanduka ola ndi theka. M'miyezi ya June ndi July ana ndimawasiya ali m'tulo, pobwera ndimawapeza akusinza, nsima ya madzulo timadya cha m'ma 9.

Koma nkhani yeniyeni kuno ndi madzi, ndipo apa mumve bwino.

Chitungwiza ilibe damu lakelake. Tauniyi inapangidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, cholinga chake chinali choti anthu azigona kuno n'kumakagwira ntchito ku Harare. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 370,000, koma mapaipi ambiri ndi omwe aja oyalidwa anthu akadali ochepa. Madzi amachita kugulidwa ku Harare, ndipo mbali yathu imadalira kwambiri malo oyeretsera madzi a Prince Edward, omwe amatunga m'madamu a Seke ndi Harava. Madamuwo ndi aang'ono, chilala chikabwera sachedwa kuphwa. Mu 2024 anaphweratu mpaka malowo anatsekedwa. Ndiye mukamva eni nyumba akuti mpopi ulipo, afunseni kuti unadontha liti komaliza. Kwathu umatuluka mwina kamodzi pasabata, usiku pakati, ndipo woyamba kumva kulira kwa mpopi amagogoda pazitseko za anzake. Tonse timadzuka ndi zitenje m'chiuno kudzaza chilichonse chokhala ndi kamwa, ndowa, mapoto, mabotolo a Mazoe, ngakhale beseni losambitsira mwana.

Masiku enawo ndi pamjigo. Zigubu zimakagona pamzere, mwini wake akubwera 4 koloko m'bandakucha, ndipo ukafika umapeza chigubu chako chabwezedwa kumbuyo ndi anyamata omwe anadzipatsa ufumu wa pamjigopo. Ukafuna kutunga msanga, uwapatse kangachepe. Mukatopa nazo mumagula kwa oyenda ndi ngolo kapena kwa amene anakumbitsa mjigo pakhomo pake. Ine pa banja la anthu asanu, mwezi wa October madzi okha amandidyera madola osachepera 20, ndipo ndiye kuti madzi ochapira ndi omwewo okolopera, otsala n'kuthira m'chimbudzi.

Nyumba yokhala ndi chitsime pabwalo ndi yabwino, koma musamwe madzi ake osawiritsa kapena osathira mankhwala. Zitsime zambiri n'zosazama, ndipo suweji ikaphulika mvula n'kugwa, zonse zimakumana pansi pomwepo. Kolera ya 2008, ija inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lino, inayambira kuno ku Chitungwiza mwezi wa August. Akuluakulu a m'makomo muno akamakuuzani za nthawi imeneyo amatsitsa mawu. Ndi ana aang'ono ngati anuwo, botolo la mankhwala othira m'madzi lizikhala pafupi ndi mchere.

Ndikuuzeni zomwe zinandionekera pa nyumba yanga yoyamba kuno. Mayi eni nyumba anandilandira ndi mano onse panja, kundionetsa chitsime, kundiuza kuti mwana wanga apa madzi simudzawasowa. Unali mwezi wa March, chitsime chili tho. Pofika September ndinangopeza pachivundikiro pali loko, kiyi ali m'chikwama chawo. Ati madzi achepa, ndi a banja lawo lokha, ife malojala, anthu a lendi, tikaone kwina. Dipoziti yanga sindinaionenso. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya chifukwa ndinafunsa eni nyumba m'malo mofunsa malojala anzanga, omwe ankangondiyang'ana chete tsiku lomwe ndinkatsitsa katundu.

Funso lina lofunika ndi la mita ya magetsi. Nyumba zambiri kuno mita ndi imodzi, mabanja anayi kapena asanu. Mayunitsi a ZESA, kampani ya magetsi, oyamba pamwezi ndi otchipa, mukamagula ambiri mtengo umakwera, ndiye mita yogawana imalowa msanga pa mtengo wodula. Apo mikangano siichedwa: uyu ali ndi firiji, uyu amaphika nyemba pa hotipuleti usiku, uyu sanasonkhe. Ambiri tinangosiya, timaphikira gasi, magetsi n'kukhala a mababu, TV ndi kutchaja foni. Zakuzimazima kwa magetsi sindikuuzani zachilendo, madzi akatsika ku damu la magetsi la Kariba tonse timavutika, kungoti ku Avenues kumene muliko simuzimva kuwawa ngati ife.

Lendi eni nyumba amafuna madola a America, ndipo pepala long'ambika pakona amalibweza. Za ZiG, ndalama ya Zimbabwe, musawatchulire n'komwe, makamaka chigwereni mphamvu mu September 2024, itangotha miyezi yochepa chiyambireni mu April. Chenji nacho ndi vuto. Mukakwera kombi ya 50 senti kuchokera pa Makoni, kondakitala amakukwatitsani ndi munthu wosamudziwa, dola imodzi anthu awiri, mukagawane nokha. Ndinayendapo ndi bambo wina mpaka pa okala kukagula mazira awiri kuti tisiyane mwamtendere.

Tsono musaone ngati ndikukuopsezani. Walira mvula walira matope, koma mvulayo ndi yabwino ndithu, apo ayi sindikanakhala zaka zonsezi. Ndiwo kuno n'zotchipa. Alimi a kumidzi ya Seke amabweretsa masamba ndi tomato pa Chikwanha m'mamawa, dola imodzi mumabwera ndi jumbo yodzaza. Ana amasewera panja mpaka kuda ndi fumbi, osati kukhala pawindo la fulati kuwerenga magalimoto. Kuseri kwa zipinda zanga ndili ndi kadimba ka mpiru ndi chibwabwa, ndipo nkhwani wotendera timadya ngati tili ku Dedza. Chipatala chachikulu cha Chitungwiza Central chili pompano. Masukulu aboma alipo ambiri, ngakhale m'ena ana amalowa mosinthana, ena m'mawa ena masana, chifukwa cha kuchuluka. Anawo muwasamutse ndithu, musayerekeze kumawakweza kombi kupita kusukulu ya m'tauni.

Ndipo anthu akwathu tilipo. Ku St Mary's mukhoza kumva agogo obadwira konkuno akukalipira mdzukulu m'Chinyanja chakale chomwe ngakhale ku Lilongwe anasiya, gule amatulukanso pa maliro. Muli mabungwe osonkherana za maliro, muli zipeleganyu za amayi, kutchalitchi timaimba nyimbo zakwathu. Mwana wanga atadwala usiku, ndi mayi wa khomo loyandikana amene anadzutsa mwamuna wake kuti atitengere kuchipatala, mafuta okha ndi omwe ndinabweza.

Maganizo anga ndi awa. Amene amapindula ndi Chitungwiza ndi amene sapita m'tauni tsiku ndi tsiku. Inu muli ndi luso m'manja. Mitu yoluka kuno ndi yosawerengeka, ndipo mpando wa lendi m'saluni ya pa Makoni kapena pa Zengeza 2 sungafanane mtengo ndi wa m'tauni. Makasitomala amalipira zochepa, inde, koma kombi yanu yachoka pa pepala lija, ana akaweruka akukupezani, ndipo mpopi ukatuluka masana muli pafupi. Mukatero, samukani. Ngati nonse awiri muzikwerabe m'mawa uliwonse, ine ndingati fufuzani kaye ku Sunningdale kapena ku Arcadia, komwe bambo angamapite kuntchito wapansi, ngakhale lendi ikhale yokwererapo.

Nyumbayo musalipire musanaione, ndipo wokupezerani nyumba musamupatse kalikonse musanalowe m'chipindamo ndi mapazi anu. Mukafike madzulo a tsiku la ntchito, muone kutalika kwake ndi msewu wa makombi, chifukwa kuyenda mumdima ndi chikwama kuchokera potsikira si nkhani yamasewera. Muwerenge zigubu zomwe zili pakhonde, zikuuzani zoona za mpopi. Kenako mukokere pambali lojala mmodzi wamkazi mumufunse za chitsime mwezi wa October.

Loweruka likubwerali ndili pakhomo kuyambira 2 koloko. Ndilembereni ku inbox, mudzatsikire pa Chikwanha ndidzakuchingamireni tikaione limodzi. Muvale nsapato zotseka, kumsewu kwathu suweji yaphulikanso Lachiwiri.