Analcime: nyumba ndi yomweyo, wa lendi ndiye wasintha

Mchemwali wina wa ku Chilenje, yemwe akuphunzira za miyala pa yunivesite ya UNZA, wanditumizira imelo. Akuti: "Timiyala toyera ta analcime timapezeka m'miyala yochokera ku mapiri ophulika. Kodi timapangika chiphalaphala chikamazizira, kapena timabwera pambuyo pake?"

Achemwali, mwakhudza pamene akatswiri akhala akukanganapo kwa zaka zambiri.

Poyamba musavutike kutifuna muno mu Lusaka. Miyala imene amayi amaphwanya m'mbali mwa misewu ija ndi ya laimu, sinatuluke m'phiri lophulika. Basalt weniweni, mwala wakuda wochokera m'chiphalaphala, ali ku Batoka, kumunsi kwa Mosi-oa-Tunya, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 180 miliyoni.

Njira yosavuta ndi iyi. Chiphalaphala chikamazizira, mpweya umasiya timabowo ngati ta mkati mwa buledi. Kenako madzi otentha okhala ndi sodium (yemwe amapezekanso mu mchere wa m'ndiwo) amalowa m'timabowomo, n'kusiya analcime akumera pang'onopang'ono. Kamwala kake kamakhala ndi mbali 24, kowala ngati galasi. Katswiri wa miyala wa ku France, René Just Haüy, anakatcha dzinali kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza "wofooka", poti ukakakwecha kamatulutsa mphamvu yamagetsi yochepa zedi.

Mutu umaima pa timiyala tikuluikulu tokhala m'thupi la mwala weniweniwo, osati m'bowo, monga ta ku Crowsnest ku Alberta, Canada. Ena amati tinabadwira m'chiphalaphala momwemo. Koma taonani: analcime amasunga madzi m'kati mwake, ndipo kuti apangike pa kutentha koteroko pamafunika kuya kwambiri pansi ndi madzi ochuluka. Ndiye pali mbale wake, leucite, wamaonekedwe omwewo a mbali 24, kungoti iye ali ndi potassium ndipo alibe madzi. Mu 1975 akatswiri awiri, Gupta ndi Fyfe, anaviika leucite m'madzi amchere otentha, iye n'kusanduka analcime. Potassium anatuluka, sodium ndi madzi analowa. Zili ngati nyumba za lendi za ku Kanyama: khoma ndi zitseko n'zomwezo, wogonamo ndi wina. Watsopanoyu ndi wonenepako pang'ono, n'chifukwa chake timiyala totere timakhala ndi ming'alu.

Ineyo ndimatsamira mbali ya leucite, yoti timiyala tikuluikuluti tinayamba tili leucite. Mukapatsidwa kachidutswa mu labu, yang'anani kaye ngati kamwalako kali m'bowo kapena m'thupi la mwala, kenako mufufuze ming'aluyo.