Mafunso a Owerenga: Ubongo wavulala kumanzere, bwanji dzanja lamanja ndilo lalumala?

Funso: Akonzi, bambo anga a zaka 64 anagwa mwadzidzidzi akuchokera kudimba mwezi watha. Kuchipatala anawajambula m'mutu ndipo anatiuza kuti ndi sitiroko, ndiponso kuti mbali yakumanzere ya ubongo ndiyo yawonongeka. Chotidabwitsa n'chakuti dzanja ndi mwendo zimene zalumala ndi zakumanja, ndipo kulankhula kukuwavuta ngakhale kuti akuoneka kuti akumva zonse zimene tikunena. Achibale ena akuti madokotala anasokoneza mbali, ena akufuna kuti bambo akatemedwe mphini padzanjapo. Zoona zake n'ziti? Ndine mwana wawo wamkazi, ku Ntcheu.

Yankho: Pepani kwambiri ndi matenda a bambo anu, mayi. Madokotala sanasokoneze ayi, ndipo zimene mwafotokozazi zikugwirizana ndendende ndi mmene thupi la munthu linapangidwira.

Dzanja silidziyendetsa lokha. Munthu akafuna kutola khasu, lamulo limayambira m'maselo a pamwamba pa ubongo, kenaka limatsika ngati mphamvu yochepa ya magetsi kudzera m'mitsempha yotumiza mauthenga, kulowa mumtsempha waukulu wa m'kati mwa msana, mpaka kukafika ku minofu ya dzanja. Ubongo uli ndi maselo otumiza mauthenga pafupifupi 86 biliyoni, ndipo m'mitsempha yothamanga kwambiri uthenga umayenda mamita oposa 100 pa sekondi imodzi, n'chifukwa chake timaona ngati kuganiza ndi kuchita zimachitika nthawi imodzi. Tsono pa ulendo wotsikawu pali malo amodzi ofunika kwambiri pa funso lanu. Patsinde pa ubongo, cha kunkhongo kumene ubongo umalumikizana ndi mtsempha wa mumsana, yambiri mwa mitsempha imeneyi imapingasana: yochokera kumanzere imawolokera kumanja, yochokera kumanja imawolokera kumanzere. Motero mbali yakumanzere ya ubongo imalamulira dzanja ndi mwendo wakumanja, ndipo ikavulala, zizindikiro zimaonekera kumanja.

Sitiroko imachitika pamene mtsempha wa magazi wa muubongo watsekeka ndi magazi oundana, kapena waphulika n'kukhetsa magazi m'kati mwa mutu. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu osakwana 1.5, komabe umagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mpweya wa okosijeni umene thupi lonse limafuna, ndipo susunga chakudya chapambali. Magazi akasiya kufika pamalo ena, maselo a pamalopo amayamba kufa m'mphindi zochepa chabe.

Nkhani ya kulankhula nayonso ili ndi chifukwa chake. M'chaka cha 1861, dokotala wa ku France dzina lake Paul Broca anaona wodwala wina mumzinda wa Paris amene kwa zaka zambiri ankangotha kutchula liwu limodzi lokha lakuti "tan", chikhalirecho ankamva zimene anthu ankamuuza. Wodwalayo atamwalira, Broca anapima ubongo wake ndipo anapeza kuti unali wowonongeka chakutsogolo kwa mbali yakumanzere. Mu 1874, Carl Wernicke wa ku Germany anafotokoza za malo ena, kumanzere komweko koma chakumbuyo pang'ono, amene akawonongeka munthu amalankhula mosadodoma koma zosamveka, ndipo iyenso samvetsa zonena za anzake. Mwa anthu ambiri, makamaka ogwiritsa ntchito dzanja lamanja, chilankhulo chimayendetsedwa ndi mbali yakumanzere, ndipo malo a Broca ali pafupi ndi malo olamulira nkhope ndi dzanja. Mtsempha umodzi wa magazi ndiwo umadyetsa malo onsewa, choncho si zachilendo kuti kulumala kwa kumanja kubwere pamodzi ndi vuto la mawu. Zimene mwalembazi zikusonyeza kuti bambo anu nzeru zawo zilipo. Amadziwa chimene akufuna kunena, koma mawu akukanika kutuluka. Musamawakambe ngati palibe, ndipo musamawakuwire ngati ogontha. Afunseni funso limodzi pa nthawi, loti angathe kuyankha ndi mutu, kenaka dikirani modekha. Odwala ena otere amatha kuimba nyimbo ya kutchalitchi imene anaizolowera ngakhale kuti sangathe kupempha madzi akumwa, ndipo kuimba nawo limodzi kumathandiza kuwalimbitsa mtima.

Za mphini ndikukuletsani ndi mtima wonse. Dzanja la bambo anu lilibe bala lililonse: mafupa, minofu ndi mitsempha ya m'dzanjamo zili bwinobwino, chimene chasowa ndi lamulo lochokera ku ubongo. Kutema khungu la dzanja limene mwina silikumva bwino kupweteka kungangobweretsa zilonda zovuta kupola, makamaka ngati iwo ali ndi matenda a shuga.

Chimene chimathandiza ndi mafizo. Maselo amene anafa sadzukanso, koma maselo oyandikana nawo amatha kulumikizana mwatsopano n'kutenga ina mwa ntchito zimene zinatayika, monga mmene anthu amapondera njira ina yowolokera mlatho ukakokoloka, njirayo n'kumakula chifukwa cha kuyendamo tsiku ndi tsiku. Ubongo umaphunzira mwa kubwereza. Kuyesa kugwira kapu, kutsegula zala chimodzichimodzi, kudzuka pampando ndi kukhalanso, zonsezi zikachitika kambirimbiri tsiku lililonse zimaphunzitsa ubongo njira zatsopano. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira, ndiye nthawi imene muli nayo panopa ndi yamtengo wapatali, ngakhale kuti ena amapitirizabe kupeza bwino pambuyo pake. Pemphani a mafizo a pachipatala chanu akuonetseni zoyenera kuchita kunyumba. Cholakwika chimene mabanja achikondi amachita kawirikawiri ndicho kumuchitira wodwala chilichonse, kumudyetsa, kumuveka, kumugoneka tsiku lonse, mpaka dzanja kuuma n'kupindikira pachifuwa.

Pali zinthu zina zoyenera kusamala. Powadzutsa musawakoke ndi dzanja lolumalalo, chifukwa minofu yogwira phewa ndi yofooka ndipo phewa likhoza kuguluka. Adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo ngati akutsamwa kapena kukhosomola pomeza, dziwitsani achipatala msanga, pakuti chakudya cholowa m'mapapo chimayambitsa chibayo. Ngati sangathe kudzitembenuza okha, atembenuzeni pafupifupi maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda. Koposa zonse, kuthamanga kwa magazi ndiko kumayambitsa sitiroko kwambiri, ndipo munthu amene wadwalapo kamodzi akhoza kudwalanso. Mankhwala a BP asamadumphitse ngakhale akumva bwino, fodya asiye, ndipo mchere uchepe m'ndiwo. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, umene ndi wosadzaza bwino sipuni yaing'ono. Inunso ana awo kayezetseni BP, chifukwa vutoli limayenda m'magazi ndipo nthawi zambiri silipweteka.

Funso: Akonzi, ndine telala ndipo ndikakhala nthawi yaitali nditapinda mwendo, umachita dzanzi mpaka kulephera kuponda. Kodi chimenechi ndi chiyambi cha sitiroko? Ndine bambo wa ku Mchinji.

Yankho: Ayi, bambo, dzanzi lotere silichokera ku ubongo. Mauthenga samangotsika kupita ku ziwalo. Enanso amakwera kuchokera pakhungu kukauza ubongo za kutentha, kuzizira, kupweteka ndi pamene phazi laponda. Kunja kwa bondo, chakumunsi pang'ono, kumadutsa mtsempha umene uli pafupi kwambiri ndi khungu ndi fupa. Mukaupanikiza kwa nthawi yaitali, magazi oudyetsa amachepa ndipo umasiya kutumiza mauthenga. Mukaimirira magazi amabwerera, mtsemphawo umayamba kutumiza mauthenga osokonekera, ndipo kubayabaya kumene mumamva ndi komweko. Zofanana ndi zimenezi zimachitika mukagunda chigongono pathebulo: kunyerenyetsa kumathamangira ku chala chaching'ono ndi choyandikana nacho, chifukwa mtsempha wa pachigongono umathera m'zala ziwirizo. Muzidzuka pamakina anu n'kuyendako pang'ono, ndipo musamasanjikize miyendo nthawi yaitali.

Dzanzi loyenera kuda nalo nkhawa lili pawiri. Loyamba ndi limene silichoka, logwira mapazi onse awiri, nthawi zina ndi kutentha ngati moto usiku. Limeneli limasonyeza kuti mitsempha yeniyeniyo ikuwonongeka, ndipo zoyambitsa zake zodziwika ndi matenda a shuga, mowa wambiri, kachilombo ka HIV, ndi mankhwala ena a TB otchedwa isoniazid, amene pa chifukwa chomwechi amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6. Wotere akayezetse, koma asasiye yekha mankhwala amene anapatsidwa.

Lachiwiri ndi limene limabwera mwadzidzidzi popanda kupanikiza chiwalo chilichonse, logwira mbali imodzi ya thupi, pamodzi ndi kupotoka kwa pakamwa, kufooka kwa dzanja kapena kulankhula kosamveka. Zikatero munthuyo apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale zizindikirozo zitatha zokha pakapita mphindi zingapo, chifukwa nthawi zambiri limakhala chenjezo la sitiroko yaikulu. Musamumwetse madzi, phala kapena asipirini panjira, popeza kumeza kukhoza kukhala kovuta, ndiponso ngati mtsempha waphulika asipirini amawonjezera kukha kwa magazi m'mutu. Kumbukirani nthawi imene zizindikiro zinayamba ndipo muwauze achipatala mukangofika, pakuti chithandizo chimene angapereke chimadalira maola amene apitapo.