Mbira yoimbira limodzi ndi gitala

Achimwene, mwafunsa ngati mbira, zida zoimbira za tizitsulo todina ndi zala, za ku Mbare mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe zingagwirizane ndi gitala ya gulu lanu. Zambiri zimene amagulitsa pamodzi ndi ziboliboli n'zokongoletsera m'nyumba basi. Pitani kwa mmisiri weniweni mutanyamula gitalayo, akonze tizitsulo tija mukumvetsera nonse mpaka mawu akumane. Thabwa likhale la mlombwa, umene anzathu kuno amati mubvamaropa.

Chidachi n'chathunso, kwathu timati sansi. Mu 2020 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalemba luso lopanga ndi kuimba chidachi pa mndandanda wake wa zachikhalidwe m'dzina la Malawi ndi Zimbabwe limodzi.

Koma chonde musachotse zitsekerero za mabotolo zili pa chipanda chija amaikamo mbira, chomwe amati deze. Ena amati zimasokosa pojambula nyimbo. Ine ndinazichotsapo pa yanga, mawu anangouma gwa, ndinazibwezera usiku womwewo.