Chikwama cha kaunjika chachita chuku

Achemwali, mwafunsa za chikwama cha chikopa chomwe munagula pa kaunjika ku Tsoka, choti chili ndi chuku komanso kafungo. Yambani mwaona ngati ndi chikopa chenicheni. Chija cha pulasitiki chikayamba kusupuka, iwalani, chilibe mankhwala.

Ngati n'chenicheni, sakanizani viniga woyera ndi madzi mulingo wofanana, nyowetsani kansalu pang'ono chabe, yesani kaye kunsi komwe sikuoneka, kenaka pukutani. Musachiviike m'beseni la Omo ngati chitenje! Changa ndinachiyanika padzuwa la Okutobala, chinauma gwa n'kung'aluka pachogwirira. Chiumire pamthunzi, mutaikamo manyuzipepala kuti chisapindike. Chikauma, pakani polishi wopanda mtundu, pang'onopang'ono.

Za fungolo, thirani soda m'kasokosi, mangani, kagone m'katimo masiku awiri.